Navara yomwe inadya magiyabokosi awiri: vuto linali kutsogolo kwa kilachi

Galimoto yake inali Nissan Navara D40 ya 2008, double cab, 4x4, ya injini ya dizilo YD25 ya masilinda anayi ndi magiya 6 osintha ndi dzanja. Inalowa m'dziko muno kuchokera ku UK itayenda kale, choncho wotchi yake imawerenga mamailosi, ndipo pofika pa galaja pathu ku Lilongwe inali itadutsa 160,000. Mwini wake ndi bambo wina wogula ndi kugulitsa mbewu, soya, mtedza ndi chimanga, amene amakazitenga m'misika ya ku Mchinji ndi ku Kasungu kubwera nazo ku Kanengo. Nthawi zambiri sayendetsa yekha, ali ndi dalaivala.

Dandaulo lawo linali lalifupi: giyabokosi yatha, tiikemo ina. Anali ataona kale yogwiritsidwapo ntchito kwa ogulitsa masipeya, ndipo kwa ife ankangofuna mtengo wotsitsa ndi kukweza basi. Chomwe chinandiletsa kuthamanga n'choti imeneyo ikanakhala giyabokosi yachitatu m'galimoto imodzi. Yoyamba inafa chaka chapitacho, yachiwiri sinathe n'chaka chomwe. Bamboyo anali atagamula kale kuti magiyabokosi a galimoto zimenezi ndi ofooka. Ine ndinawauza kuti, "Bwana, magiyabokosi awiri akafa imfa yofanana pamalo amodzi, ndiye kuti chowapha chidakali m'galimotomo. Mundilole ndiyambe ndachifufuza, kenako tikambirane zogula." Anavomera monyinyirika, poti nyengo yogula soya inali itayandikira.

Zomwe tinapeza tisanamasule bawuti

Ndinayamba ndi kuiliza ili chiimire, giya ili pa nyutulo. Pansi pa kebini pankamveka gwedegwede wofulumira. Kuponda kilachi mpaka pansi, phokoso zii. Kuchotsa phazi, labwerera. Izi zimasonyeza kuti phokoso likuchokera ku zinthu zomwe zimaima mukaponda kilachi, ndiye kuti input shaft, shaft yolowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi, ndi magiya omwe imazunguza. Ambiri a ife amakaniko tikafika apa timati ndi bearing ya input shaft, n'kukatenga jeke. Koma bearing yotha imalira mosadukiza, ndipo kulirako kumakula injini ikamakwera. Ili linali lodukizadukiza, lotsatira kugunda kwa injini, ndipo titakweza kufika 1,500 rpm linachepa m'malo mokula. Phokoso lotere ndi la mano a magiya akumenyana m'kampata kamene kamakhala pakati pawo, chifukwa shaft sikuzungulira mosalala, ikuchita kufulumira, kuchedwa, kufulumira, kuchedwa.

Chinanso, injiniyo payokha sinkalira molingana. Chitseko chotsegula chinkanjenjemera, ndipo ku ekizozi kunkatuluka utsi wotuwa wonunkha dizilo wosapsa bwino.

Tinakaiyesa pamsewu wa M12 wopita ku Mchinji, titaikamo matumba angapo kuti imve katundu. Ponyamuka inkadumphadumpha. Giya 2 inkakana kulowa, giya 3 inkalowa ndi kukukuta. Mu giya 4 ndi 6 munkamveka kubangula, koma mu giya 5 kubangulako kunkachepa kwambiri. Pa giyabokosi imeneyi giya 5 ndi yolunjika, mphamvu imangodutsa kuchoka ku input shaft kupita ku main shaft, yotulutsa mphamvu, osalemetsa countershaft, shaft yam'mbali yomwe mphamvu imadutsira m'magiya enawo, choncho phokoso likamachepa mu 5 mokha, ma bearing a countershaft ndiye oyamba kuwakayikira. Mu giya 6, injini ili pansi pa 1,500 rpm, ndikaponda mafuta galimoto yonse inkanthunthumira mpaka ndodo ya magiya kumagunda m'dzanja, ndipo ndikachotsa phazi mwadzidzidzi giya inkadumpha kubwerera pa nyutulo.

Oyilo titatsitsa anatuluka mochedwa, wolimba, wakuda, wa fungo la sulufule lija la oyilo wa m'difu. Pa maginito a bawuti yotsitsira panali utuchi wachitsulo wambiri ndi tizidutswa tina tomveka pakati pa zala, ndipo m'beseni munkanyezimira fumbi lachikasu la mphete za synchro, zomwe zimathandiza magiya kulowa osakukuta. Giyabokosi iyi imafuna oyilo wa GL-4, 75W-85, pafupifupi malita 4. Wina anathiramo oyilo wa m'difu kuti phokoso lichepe. Limachepadi kwa kanthawi, poti oyilo wolimba amatseka kampata ka mano kaja. Koma synchro imagwira ntchito pokhulana, mphete iyenera kukankha oyilo n'kugwira chitsulo kuti ilinganize liwiro la magiya. Oyilo wolimba ndi woterera chotere amailepheretsa, dalaivala n'kuyamba kukakamiza ndodo, mphete n'kumadyeka. Alipo magiyabokosi ena omwe buku lawo limalola GL-5, mtundu wa oyilo wa m'difu, koma si nkhani yongoganizira, timayang'ana m'buku la galimoto yomwe ili pamaso pathu.

Apa mnyamata wanga anali atakoka kale jeke ya giyabokosi. Ndinamuimitsa. Giyabokosi ikatsika, injini simuthanso kuiliza mwaufulu, ndiye chilichonse chofuna injini yolira chiyenera kuyezedwa nthawi imeneyi. Kompyuta sinaonetse cholakwika chilichonse chosungidwa, zomwe sizinandidabwitse, chifukwa injekita yotha mkati koma mawaya ake ali bwino kawirikawiri siyatsa nyali. Tinachotsa timapaipi tobwezera dizilo pa mainjekita onse anayi, n'kulumikiza iliyonse ku kabotolo kake koyezera. Titaliza injini, mabotolo a silinda 1 ndi 4 ankadzaza pang'onopang'ono mofanana. La silinda 2 linali patsogolo pang'ono. La silinda 3 linadzaza anzakewo asanafike n'theka lomwe. Titatsitsa za m'fyuluta ya dizilo m'botolo loonekera mkati, pansi panakhazikika madzi ofiirira ndi dzimbiri. Mwayi wake munalibe utuchi wonyezimira, kutanthauza kuti pampu inali isanayambe kudyeka. Kompuresheni inali yolingana m'masilinda onse.

Choncho tisanaone n'komwe mkati mwa giyabokosi tinali titadziwa kuti injini ikugunda mopendekera: masilinda awiri akukankha bwino, ina mofooka pang'ono, ina mosalongosoka.

Flywheel

Giyabokosi itatsika, titachotsa pressure plate, chopanikizira mbale ya kilachi, tinapeza chomwe tinkafuna. Flywheel ya galimoto imeneyi, chitsulo cholemera chozungulira chomwe chili pakati pa injini ndi kilachi, ndi ya magawo awiri, dual mass, ndipo wina anaiwotcherera. Kuzungulira m'mphepete, pomwe magawo awiriwo amayenera kusuntha momasuka, panali mizere inayi ya wedilo, yosafanana kutalika, umodzi wokhuthala ngati chala, wina wong'ambika kale pakati. Chitsulo chozungulira wedilo chinali chabuluu ndi kutentha, ndipo girisi wa mkati anali atapsa n'kutuluka ngati phula louma, kumwazika mkati monse mwa bell housing, chibokosi chokuta kilachi. Pankhope yogwira kilachi panali mabala akuda mbali imodzi yokha. Titaika dial gauge, kawotchi koyezera kupendama, tinaona kuti nkhopeyo ikuyenda mopendama, poti anaiwotcherera osailinganiza. Kudumphadumpha ponyamuka kuja kunkachokera pamenepa.

Tinatenga clutch plate n'kuiyang'ana pakati. Munalibe masipuling'i akuluakulu aja timawaona pa mbale za galimoto za flywheel wamba. Si kuti anachotsedwa, mbale yopangidwira dual mass siwafuna, chifukwa ntchito yawo imagwiridwa ndi flywheel.

Anzanga ongoyamba ntchito, apa m'pofunika kumvetsa bwino. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa crankshaft, madigiri 180 aliwonse. Ikamalira ili chiimire pa 750 rpm, ndiye kuti ikugunda ka 25 pa sekondi. Pa kugunda kulikonse crankshaft imafulumira, kenako imachedwa pomwe pisitoni yotsatira ikupanikiza mpweya, ndipo pa dizilo kupanikizako n'kwakukulu. Palibe nthawi yomwe mapisitoni awiri akukankha limodzi. YD25 ya chaka chimenechi imatulutsa mphamvu yozunguza ya 403 Nm pa 2,000 rpm kuchokera m'malita 2.5 okha, ndiye nkhonya iliyonse ndi yolemera zedi. Flywheel ya magawo awiri, yomwe kampani ya ku Germany ya LuK inayamba kupanga mu 1985, inabwera chifukwa cha zimenezi. Gawo limodzi limamangidwa ku crankshaft, lina limanyamula kilachi, ndipo pakati pawo pamakhala masipuling'i aatali opindika, osambira mu girisi. Gawo la ku injini limagwedezeka ndi nkhonya zija, masipuling'i amazimeza, gawo la ku giyabokosi n'kumazungulira mosalala. Galimoto za flywheel ya chitsulo chimodzi zimaika masipuling'i pa clutch plate, aafupi, osameza zambiri, komabe alipo. Mulimonsemo, pakati pa injini ndi giyabokosi pamayenera kukhala chofewetsa penapake.

M'galimoto iyi chinalibe paliponse. Flywheel yowotcherera, mbale yopanda masipuling'i, ndi injini yogunda mopendekera, zonse kulunjika pa input shaft, chitsulo pa chitsulo.

Mkati mwa giyabokosi tinapeza zogwirizana ndi zimenezo. Mizere ya input shaft pomwe pamakhala clutch plate inali itadyeka mpaka kupanga sitepe yomveka ndi chikhadabo, yodzaza fumbi lofiira la chitsulo chopekesana. Pilot bush, yogwira nsonga ya input shaft, inali itasiya kukhala yozungulira. Bearing ya input shaft ndi ya kutsogolo kwa countershaft zinali ndi timaenje m'njira za mipira. Timano togwirira giya 6 tinali titasongoka, sleeve yake yodyeka mbali imodzi, foloko yake nayo yoperepeseka chifukwa dalaivala ankayenda ataigwira ndodo kuti isadumphe. Mphete za synchro za giya 2 ndi 3 zinali zosalala. Mano akuluakulu a magiya, main shaft ndi chibokosi chake zinali bwino. Oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft inkadontha, koma crankshaft yeniyeniyo inalibe kusewera kopitirira muyeso, ndipo ndinapuma, chifukwa flywheel yosalingana kulemera imatha kufika mpaka ku main bearing.

Zomwe ananena dalaivala

Funso lotsala linali lakuti flywheel inafa bwanji poyamba mpaka kufika poiwotcherera. Ndinadikira bwana wake atachoka, n'kumuitanira dalaivala kuseri. Pamaso pa abwana awo madalaivala amangoti zonse zinali bwino.

"Achimwene, sindikufuna kukugwetserani ntchito. Mungondiuza mmene zinayambira."

Anafotokoza motsatana bwino. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, mizere ili mbwee m'mafilingi siteshoni, ankagula dizilo wa m'zigubu kuti ulendo usafe. Tsiku lina nyali ya madzi a mu fyuluta inayaka, iye anapitiriza ulendo mpaka kumapeto kwa sabata. Kuchokera pamenepo injini inayamba kunjenjemera. Patapita miyezi kunabwera phokoso poliza ndi pozimitsa, ndipo galaja ina inati ndi flywheel. Mtengo wa yatsopano utamveka, anagwirizana zowotcherera. Phokoso loyambalo linathadi, koma kunabwera gwedegwede uja, ndipo giyabokosi yoyamba sinakhalitse. Omwe anaika yachiwiri anaiona wedilo ija n'kuisiya momwemo, poti anatumidwa kusintha giyabokosi. Gwedegwede atapitirira, anathiramo oyilo wolimba.

Za katundu anati amanyamula matumba 30 a makilogalamu 50, nthawi zina kuposa. Amenewo ndi makilogalamu 1,500 pa galimoto yopangidwira pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe ali m'kebini. Ndipo anawonjezera kuti, "Madala, mafuta abwana amachita kundiyezera. Akatsala ndi anga, akaperewera ndi ngongole yanga. Ndiye ndikangofika makilomita 50 kapena 60 pa ola ndimaika 6, ndisanamizepo."

Sindinamudzudzule, chifukwa aliyense wopatsidwa malamulo amenewo angachite zomwezo. Koma kukoka katundu wolemera mu giya 6 injini ili pa 1,200 rpm ndiye kayendetsedwe komwe kamapha flywheel ya magawo awiri msanga. Nkhonya zimakhala zolemera koma zotalikirana, masipuling'i amapanikizika mpaka kumapeto n'kumagunda, girisi amatentha n'kuuma. Mukawonjezera injekita yomwe ikulakwitsa muyeso wa mafuta, masipuling'iwo sapuma ngakhale galimoto ili chiimire.

Mkangano wa injini

Bwana uja atabwera ndinamuonetsa zonse pa tebulo, mabotolo anayi aja, flywheel ndi input shaft. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amakaniko, injini zamakonozi n'zachibwana. Bwanji tingochotsamo yonseyi tiikemo TD27 kapena QD32? Hardbody yanga yakale inkamwa chilichonse, ndipo flywheel sindinaimvepo dzina."

Maganizo amenewa ndimawamva pafupipafupi, ndipo sindiwaseka. TD27 ndi injini ya malita 2.7 ya pampu yamakina, yopanda kompyuta, timing yake ndi ya magiya, palibe lamba kapena tcheni. Imapopera dizilo m'kachipinda kam'mbali kaye, moto n'kufalikira kupita pa pisitoni, ndiye kuphulika kwake n'kofatsa. Mainjekita ake amatseguka pa mabara osafika 150, muyeso wa kupanikizika kwa dizilo, ndipo amakonzeka pa benchi wamba. Common rail ya Denso yomwe ili pa YD25, njira yamakono yopopera dizilo yoyendetsedwa ndi kompyuta, imafika kupitirira mabara 1,500, ndipo timipata ta mkati mwa injekita n'tating'ono kwambiri moti dontho la madzi limasiya dzimbiri lokwanira kuiwononga. Kwa munthu wogwira ntchito kutali ndi tauni, komwe dizilo sadziwika gwero lake, injini yakaleyo ili ndi mfundo. N'chifukwa chake Land Cruiser ya injini ya 1HZ, yomwe inayamba mu 1990, mabungwe ogwira ntchito kumidzi amaikondabe. Ine ndemwe mutandifunsa injini yomwe ndimakonda kuigwira, ndi ya masilinda 6 ondondozana ngati imeneyo kapena TD42 ya mu Patrol. Imaphulitsa katatu pa kuzungulira kumodzi, madigiri 120 aliwonse, pisitoni ina imayamba kukankha inzake isanamalize. Zili ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi poyerekeza ndi awiri: misi imagwa moyandikana, kugunda kumamveka kosalekeza.

Koma tiyeni tione chomwe chimachititsa kuti injini zakalezo zisavutitse magiyabokosi. 1HZ imatulutsa 285 Nm kuchokera m'malita 4.2, pafupifupi 68 pa lita. TD27 yopanda turbo sifika 200 Nm. YD25 imatulutsa pafupifupi 160 pa lita. Zakalezo zimasunga giyabokosi chifukwa sizikankha kwambiri, ndipo bwana yemweyu anagula Navara chifukwa Hardbody inkakwawa pa zitunda ili ndi theka la katundu amene akunyamula lero. Ngakhale masilinda 6 si chitetezo chokwanira mphamvu ikachuluka. Ku America, ma Dodge Ram a m'ma 1990 a injini ya Cummins ya malita 5.9 ndi giyabokosi ya NV4500 amadziwika ndi nati ya giya 5 yomwe inkamasuka, ndipo amakaniko a kumeneko amaloza chala kukoka katundu mu giya yapamwamba injini ili pansi, chimodzimodzi dalaivala wathuyu.

Kuika TD27 mu D40 kuli ndi mavuto akenso. Bell housing ndi ma mounting ziyenera kusulidwa. Kompyuta ya injini imalankhulana ndi dashibodi, ABS, makiyi ndi 4x4 yomwe imalowa ndi magetsi, ndiye ikachoka mumatsala ndi nyali zoyaka ndi zinthu zosagwira ntchito. Mapepala ayenera kukasinthidwa ku Road Traffic. Pamapeto pake mumakhala ndi galimoto yolemera ya mphamvu pafupifupi theka, magiya ake otalika opangidwira injini ina, ndipo dalaivala amayamba kupsereza kilachi ponyamuka paliponse. Komanso injini yomwe inalipoyo inalibe vuto la mkati, kompuresheni yabwino, osadya oyilo. Kuitaya chifukwa cha mainjekita awiri kukanakhala kuwononga ndalama. Bwana anamva, ngakhale anatsindika kuti galimoto yotsatira adzagula ya pampu yamakina.

Zomwe tinasankha

Giyabokosi tinasankha kukonza yomwe inalipo m'malo mogula ija anaona. Yogwiritsidwapo ntchito simudziwa mbiri yake, mwina nayonso inachoka kuseri kwa flywheel yowotcherera, pomwe iyi tinali titaiona mkati monse. Tinasintha input shaft, ma bearing onse, mphete za synchro za 2 ndi 3, giya 6 ndi sleeve ndi foloko yake, ma seal, pilot bush ndi oil seal ya crankshaft. Chibokosi tinachitsuka mobwerezabwereza mpaka nsalu yoyera kutuluka yoyera, chifukwa utuchi wotsalira umadya ma bearing atsopano.

Mainjekita onse anayi anapita kwa oyeza pa benchi. Ya silinda 3 ndi ya silinda 2 zinalephera, zinazo zinapambana. Ndikanakonda kusintha zonse, poti zinamwa madzi amodzi, koma thumba la bwana linali ndi malire ndipo zotsatira za benchi zinali zomveka. Tinaika ziwiri zatsopano ndi mawashala atsopano a kopa pa zonse zinayi, n'kulowetsa manambala ake mu kompyuta ya galimoto. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, koma popanda manambalawo kompyuta imayeza mafuta ngati kuti injekita yakale idakalipo, injini n'kumagundabe mopendekera. Thanki tinaitsitsa n'kuitsuka, fyuluta n'kusintha.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa flywheel. Njira zinali ziwiri: kubwezera ya magawo awiri yatsopano, kapena kuika seti yosinthira ku flywheel ya chitsulo chimodzi, yomwe imabwera ndi pressure plate yake, mabawuti ake, ndi clutch plate ya masipuling'i olimba. Kunena zoona, yoteteza giyabokosi bwino koposa ndi ya magawo awiri, ndipo pa galimoto yoyendera banja kapena ya ku ofesi sindikanaganiza kawiri. Koma ndinayang'ana ntchito ya galimoto iyi: katundu wolemera, misewu yafumbi, kunyamuka m'matope a m'misika, kutentha kwa kilachi komwe kumaumitsa girisi wa mkati. Ndinayang'ananso zomwe zinachitika ulendo watha mtengo utamveka. Flywheel ya magawo awiri ikanafanso pakati pa nyengo yogula mbewu, galimoto ili kutali, mwayi woti ikawotchereredwanso unali waukulu. Ya chitsulo chimodzi ilibe choti chife mkati, ndipo masipuling'i a pa mbale akatopa, kusintha mbale n'kotsika mtengo. Tinasankha seti yosinthira, yathunthu, ya kampani imodzi. Kuphatikiza flywheel ya uku, mbale ya uko, ndi pressure plate yotola n'komwe kumabweretsa kilachi yosalekana bwino.

Ndinawauza bwana mosabisa, ndipo ndinalemba pa invoisi, kuti kaphokoso kochepa ka magiya galimoto ikaima pa nyutulo kadzakhalapo, makamaka ikatentha, ndipo asalole aliyense kukathetsa ndi oyilo wolimba. Ndinawapemphanso zinthu ziwiri. Choyamba, matumba asapitirire 18 ngati m'kebini muli anthu awiri. Chachiwiri, asiye kumuyezera dalaivala mafuta mwanjira ija, chifukwa malita ochepa opulumutsidwawo ndi omwe anagula magiyabokosi awiri. Dalaivala ndinayenda naye ndekha kumuonetsa pa wotchi ya injini: ndi katundu, singano ikatsika pansi pa 1,800, tsitsani giya, ndipo 6 ndi ya pa msewu wosalala galimoto itathamanga kale. Anadabwa kuona kuti pa chitunda, mu giya 4 phazi lili theka, galimoto ikuyenda momasuka kuposa mu 6 phazi lili pansi.

Zomwe zinatsatira

Titamaliza, injini inkalira molingana, chitseko chosanjenjemera, utsi wotuwa utatha. Ponyamuka inali yosalala, magiya onse ankalowa ndi zala ziwiri, 6 osadumpha. Gwedegwede uja anasanduka kaphokoso kapansipansi komveka mukaima pafupi ndi khoma.

Itayenda pafupifupi makilomita 1,000 inabwera kuti titsitse oyilo. Pa maginito panali utuchi wosalala wochepa, womwe timauyembekezera zitsulo zatsopano zikamazolowerana, popanda tizidutswa kapena fumbi lachikasu. Bwana anadandaula za kaphokoso kaja ngakhale tinali titakambirana, akuti mnzake wamuuza kuti giyabokosi yayambanso. Ndinamuonetsa maginito ndi oyilo m'botolo, ndinamukumbutsa zolembedwa pa invoisi, nkhani inathera pomwepo.

Inabweranso nyengo yogula mbewu itatha. Oyilo wa giyabokosi anali woyera, maginito pafupifupi opanda kanthu, magiya ali momwe tinawasiyira. Mu fyuluta munali madzi pang'ono, koma dalaivala anati tsopano amatsitsa yekha nyali ikangoyaka. Titabwereza kuyeza kwa mabotolo, injekita ya silinda 4, imodzi mwa zakale zija, inali itayamba kutsogola, ndipo tinaisintha isanafike poipa. Ya silinda 1 ikadali momwemo, timaiyeza pa sevisi iliyonse.

Za mafuta bwana anasinthadi, amathira yekha pa filingi siteshoni n'kulemba mamailosi. Za katundu sanasinthe kwenikweni. Ulendo womwewo tinapeza tsamba limodzi la sipuling'i ya kumbuyo kumanzere litathyoka, mabampu a raba ataphwanyika, ndipo dalaivala anavomera kuti matumba amafika 25. Kilachi inali itayamba kugwirira pamwamba kuposa mmene iyenera kukhalira pa mtunda umene yayenda. Tinasintha sipuling'i ndi mabampu, ndipo ndinalemba pa khadi la galimotoyo kuti pa sevisi ikubwerayi tidzayeze kilachi, ndipo ngati mbale yafika pafupi ndi ma rivet tidzatsitse giyabokosi tione masipuling'i ake ndi mizere ya input shaft nthawi imodzi.